Linux Mint Xfce pa kalaputopu ka RAM ya 4 GB: ndemanga yochokera ku Johannesburg

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kupereka zokonza za chitetezo ku Windows 10, ndipo ngakhale inatsegula mwayi woti olembetsa alandirebe thandizo mpaka Okutobala 2026, kumeneko n'kungokankhira tsiku patsogolo. Amene nkhaniyi yawakhudza kwambiri ndi eni timalaputopu ta sikirini ya mainchesi 11.6, timene timapezeka m'masitolo a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito m'katikati mwa Johannesburg, ku Fordsburg ndi ku Mayfair, ndipo Amalawi ambiri timatigula kuti titumizire ana asukulu kumudzi kapena tizilembera makalata ofunsira ntchito. Windows 11 imafuna malo osachepera 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi pulosesa yopezeka pa mndandanda wake, pomwe timalaputopu tambiri totere tili ndi malo a 32 GB okha ndi pulosesa ya Celeron N3350, imene pa mndandandawo palibe.

Njira yotsala ndiyo kuchotsa Windows n'kuikamo Linux, sisitimu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo lero imapezeka m'mitundu yambiri yokonzedwa ndi magulu osiyanasiyana. Mitundu imeneyi ndi ya open source, kutanthauza kuti chilolezo chake chimapatsa aliyense ufulu woitenga, kuona mmene inalembedwera, kuisintha ndi kugawira anzake osalipira, kotero kuti fulashi imodzi ikhoza kuzungulira mpingo wonse popanda wina kuphwanya lamulo. Ndayesa mitundu ingapo pa kalaputopu ka Celeron N3350, kokhala ndi RAM (memole imene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo) ya 4 GB yomatiridwa pa bolodi moti singawonjezeredwe, ndi malo osungira mafayilo a 32 GB pa kachipu kotchedwa eMMC, ndipo umene ndikuuyamikira ndi Linux Mint 22 wa maonekedwe otchedwa Xfce.

Muyeso wanga sunali liwiro lokha, chifukwa pa liwiro ilipo mitundu ina yoposa Mint. Funso limene ndinaika patsogolo linali lakuti kalaputopuka kakakwera basi pa Park Station n'kukafika ku Mangochi kapena ku Mzimba, kumene wodziwa Linux sapezeka pafupi ndiponso bandulo ya intaneti imagulidwa mowerengera, kodi mwana wa Folomu 3 adzatha kukagwiritsa ntchito chaka chathunthu osaimba foni ku Joni kupempha thandizo? Sisitimu yothamanga koma yofuna katswiri mwezi ndi mwezi siyenera ntchito imeneyi.

Anthu ambiri kuno amayambira pa mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu, ndipo n'zomveka, popeza dzinalo ndi lodziwika ndiponso Mark Shuttleworth, amene anayambitsa kampani ya Canonical n'kutulutsa Ubuntu yoyamba mu Okutobala 2004, anabadwira ku Welkom m'chigawo cha Free State. Pa kompyuta yamphamvu Ubuntu 24.04 ndi yabwino ndithu. Koma maonekedwe ake a GNOME amadya RAM yambiri, moti 4 GB imene kwa ife ndi mapeto, kwa iwo ndi poyambira chabe, ndipo fayilo yoikira yokhayo imayandikira 6 GB. Kuika GNOME pa kalaputopu kotere kuli ngati kukweza matumba atatu a chimanga pa njinga ya kabaza, imene pachidikha imayenda koma pachitunda mwiniwake amatsika n'kumakankha. Chinanso n'chakuti Firefox ya mu Ubuntu imabwera m'njira yotchedwa snap, imene imachedwa kutseguka ulendo woyamba pa eMMC, imasunga mtundu wakale pambali pa watsopano n'kumapanikiza malo, ndiponso imadzitengera yokha zatsopano pa intaneti osafunsa mwini. Kwa munthu wa Wi-Fi yopanda malire mu fulati ya ku Yeoville imeneyi si nkhani, koma kwa amene walumikiza foni ya bandulo ya Airtel kapena TNM, ndi ndalama zopita osatsanzika.

Lubuntu imachokera ku Ubuntu yomweyo koma imavala maonekedwe opepuka otchedwa LXQt, imayaka msanga, ndipo imadya RAM yochepa kuposa Mint. Ndikanaisankha kalaputopuka kakanakhala ndi 2 GB yokha. Komabe kaikidwe kake kanthawi zonse kamabweretsanso Firefox ya snap, ndipo thandizo la Lubuntu 24.04 ndi la zaka zitatu basi, lothera mu Epulo 2027.

Linux Mint inayambitsidwa ndi Clément Lefebvre mu 2006. Mtundu wa 22 unatuluka mu Julaye 2024, unamangidwa pa Ubuntu 24.04, ndipo udzalandira zokonza mpaka 2029, nthawi yokwanira kuperekeza wophunzira wa sekondale kufika pa mayeso a MSCE. Umabwera m'maonekedwe atatu, Cinnamon, MATE ndi Xfce, ndipo pa kalaputopu kofooka Xfce ndi imene imayenera. Okonza ake amanena kuti RAM ya 2 GB ndi malo a 20 GB ndiye poyambira. Fayilo yoikira sifika 3 GB, ndipo mukamaitenga muli kuno ndi bwino kusankha seva ya m'dziko momwemuno, monga ya University of the Free State ku Bloemfontein, kuti isachedwe. Ikaikidwa, malo oposa theka la eMMC amatsala opanda kanthu, ndipo kompyuta ikangoyaka, musanatsegule pulogalamu iliyonse, RAM yogwiritsidwa ntchito sifika 1 GB.

Chimene chinandikopa kwambiri ndi khalidwe lake pa nkhani ya ma update. Mint ilibe snap, ndipo siika kanthu mwini asanalole. Pansi pa sikirini, chakumanja pafupi ndi wotchi, pali kachizindikiro kooneka ngati chishango, kamene kamangosintha maonekedwe kusonyeza kuti zatsopano zilipo, n'kudikira. Mwana akhoza kudikira mpaka tsiku limene wapita kumene kuli Wi-Fi, n'kudina kachishangoko, n'kuona kukula kwa zonse zofunika kutenga asanavomere. Kompyuta sidzizimitsa yokha pakati pa ntchito kuti imalize kudzikonza. Menyu ili pakona yakumanzere pansi, pamene wozolowera Windows amaiyembekezera, ndipo sindinaonepo munthu atasochera nthawi yaitali pofuna fayilo kapena pulogalamu. Pa sikirini yaing'ono ya 1366 ndi 768 mawindo ena amatalika mpaka mabatani apansi kubisika, koma mukagwira batani la Alt n'kukoka windolo ndi mausi, limasuntha n'kuonetsa zobisikazo.

Funso la Word silephera kubwera. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Rosettenville, amene ankafuna kutumizira mwana wake wamkazi laputopu, anandifunsa asanakhudze n'komwe kiyibodi kuti, "Achimwene, nanga Word ilimo? Mwanayo akufuna yolembera za kusukulu." Ndinawayankha kuti, "Achemwali, Word mulibe, koma tabweretsani CV yanu ija tiitsegule muone." Mint imabwera ndi LibreOffice, ndipo pulogalamu yake yolembera, Writer, imatsegula ndi kusunga mafayilo a docx. CV inatseguka bwinobwino, kupatula kuti mizere iwiri yomaliza, ya anthu owachitira umboni, inagwera pa tsamba lachiwiri pomwe poyamba zonse zinkakwana pa tsamba limodzi. Chifukwa chake n'chakuti inalembedwa ndi zilembo za Calibri, zimene ndi za Microsoft ndipo mu Linux mulibe, choncho Writer inaika zina zotambalala m'malo mwake. Mankhwala ake ndi kutsegula Software Manager n'kuika fonts-crosextra-carlito, zilembo zokonzedwa dala kuti zikhale ndi miyeso yofanana ndi ya Calibri. Titatero n'kutsegulanso fayiloyo, mizere ija inabwerera pamalo pake. Ine ndimalangizabe kuti kalata iliyonse yopita kwa abwana kapena ku koleji izitumizidwa ngati PDF, popeza Writer ili ndi batani lochitira zimenezo ndipo PDF sisintha maonekedwe kulikonse kumene yatsegulidwa.

Ntchito zambiri zimene Mmalawi wa kuno amafunira kompyuta zimachitikira mu browser, kaya ndi kudzaza mafomu a VFS Global okhudza chiphaso chokhalira m'dziko, eFiling ya bungwe la misonkho la SARS, myUnisa kapena banki, ndipo zimenezi Firefox imakwanitsa. WhatsApp ilibe pulogalamu yakeyake ya Linux, koma WhatsApp Web imagwira ntchito. Zoom ili nayo pulogalamu ya Linux, pomwe Teams imalowedwa kudzera mu browser. Foni ya Android ikalumikizidwa ndi chingwe cha USB n'kuyatsa tethering, njira yogawira kompyuta intaneti ya pa foni, intaneti imafika nthawi yomweyo popanda kuika driver aliyense.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu si cha Mint koma cha 4 GB. Browser ndi imene imadya RAM, osati sisitimu, moti mukatsegula Facebook, YouTube ndi WhatsApp Web pamodzi n'kuwonjezera Writer, kompyuta imayamba kusungira zina pa eMMC, imene ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM, ndipo mausi amayamba kukakamira. Fedora, mtundu wina wa Linux, imabwera ndi njira yotchedwa zram yoyatsiratu, imene imafinya zinthu mu RAM momwemo m'malo mozitumiza ku disiki, koma mu Mint muyenera kuiika nokha kudzera mu zram-tools. Ndikuona kuti pa mtundu wa Xfce, umene anthu amausankha chifukwa cha makompyuta ofooka, okonza anayenera kuiyatsiratu.

Pa malo a 32 GB pali misampha iwiri imene ili mu Mint mwenimweni. Woyamba uli mu Software Manager, mmene mapulogalamu ena amapezeka pawiri, wina wochokera m'nkhokwe ya Mint ndi wina wa njira ina yoikira mapulogalamu yotchedwa Flatpak. Wa Flatpak nthawi zambiri amakhala watsopano, koma amakoka zothandizira zake zimene zikhoza kufika mazana ambiri a MB ngakhale pulogalamuyo ili yaing'ono, choncho pa kalaputopu kotere muziyang'ana kaye gwero ndi kukula kwake musanadine. Wachiwiri ndi Timeshift, imene imajambula sisitimu yonse kuti mudzathe kubwerera m'mbuyo zinthu zikasokonekera. Lingaliro lake ndi labwino, ndipo windo lokulandirani limakulimbikitsani kuiyatsa, koma chithunzi choyamba chokha chimatenga malo pafupifupi ofanana ndi sisitimu yonse, ndipo mukaisiya kuti izijambula tsiku ndi tsiku disiki imadzaza mpaka kompyuta kukana kulowa. Muilozere ku memole khadi yofomatidwa m'njira ya Linux yotchedwa ext4, apo ayi muisiye yozima. Mu Update Manager mulinso poyatsira kuti makenelo akale, ndiye kuti mitundu yakale ya phata la sisitimu, azichotsedwa okha, ndipo pamenepo mpofunika kuyatsa.

Ubwino wina umene umathandiza pogula ndi woti Mint imayaka kuchokera pa fulashi osakhudza chilichonse cha m'kompyuta. Fulashiyo imakonzedwa ndi Ventoy, Rufus kapena balenaEtcher, ndipo kusitolo mumapempha wogulitsa kuti muyatsire pamenepo, podina F12, F2 kapena Esc malinga ndi kampani imene inapanga laputopuyo. Muyese Wi-Fi, mawu, kamera ndi mabatani owalitsira sikirini. Wi-Fi ikapanda kuoneka, nthawi zina chifukwa chake chimakhala chipu ya Broadcom, ndipo Driver Manager imakonza zimenezo mukalumikiza foni. Mukatsegula Terminal, windo lolemberamo malamulo, n'kulemba upower -d, pa mzere wa capacity pamaoneka mphamvu imene batire yatsala nayo poyerekeza ndi pamene inali yatsopano. Nambala imeneyo ndi yofunika kuposa kuwala kwa chivindikiro, chifukwa palibe sisitimu imene imadzutsa batire yakufa, ndipo kumene laputopuyo ikupita magetsi amazimazima. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani sitolo ina. Timatabuleti tina ta Atom tokhala ndi kiyibodi yochotseka tili ndi UEFI (pulogalamu yoyatsira kompyuta) ya 32-bit, imene ikhoza kuvutitsa poika Linux, choncho ndi bwino kutisiya.

Manetibuku akale kwambiri a pulosesa ya 32-bit, monga Atom N270, nthawi yawo inatha. Mint inasiya 32-bit pa mtundu wa 20 mu 2020, Debian 13 ya mu Ogasiti 2025 inasiyanso, ndipo imodzi mwa zimene zimayendabe pa iwo ndi antiX, yomwe ndi yopepuka modabwitsa koma imafuna munthu wokonda kufufuza. Sindingaitumize kwa mwana wasukulu.

Alipo amene Mint singawathandize. Wophunzira akaunti amene maphunziro ake amafuna Sage Pastel, wojambula mapulani a nyumba ndi AutoCAD, kapena wogwiritsa ntchito Photoshop, ayenera kukhala ndi Windows ndi kompyuta yamphamvu kuposa kano, ndipo wa ku koleji afunse kaye aphunzitsi ake za mapulogalamu a mayeso Windows isanachotsedwe.

Kalaputopuka kasanapakidwe, ma update onse aikidwe kuno, pamodzi ndi ma codec oonerera mavidiyo, zram ndi zilembo za Carlito, kuti kumudzi kasakayambe ndi kudya bandulo. Wotchi sifunika kusintha, popeza nthawi ya Johannesburg ndi ya Blantyre ndi imodzi. Mint imafunsa pasiwedi nthawi iliyonse munthu akafuna kuika pulogalamu kapena ma update, ndipo ikaiwalika, kuibwezeretsa kumafuna wodziwa Terminal, choncho muilembe papepala n'kuitumiza kwa makolo kapena amalume a mwanayo kudzera pa foni, osati kuimata pa chivindikiro cha laputopu imene idutse m'manja mwa anthu ambiri pa ulendo wa pa basi.