Ansys Student yandithandiza kuchoka pa zojambula kupita pa stress analysis

Nditamaliza za uinjiniya ku Poly ku Chichiri, imene pano ndi MUBAS, ndinabwera kuno ku Joni n'kupeza ntchito yojambula mapulani a zitsulo pa kampani ina ku Germiston. Zaka 4 ndikujambula zimene ena awerengera. Mtima wanga unali pa kuwerengerako, kudziwa ngati chitsulo chipirire katundu kapena chithyoke, zimene amati stress analysis.

Ansys Student ndi pulogalamu ya pa kompyuta yaulere, mumangoikopera pa webusaiti ya Ansys. Imayenda pa Windows, ndipo laputopu yanga ya RAM 8 GB imakwanitsa, ngakhale fani imalira usiku wonse m'chipinda changa ku Rosettenville. Pulogalamuyi imaduladula chinthu chimene mwajambula m'tizidutswa, amati mesh, n'kuwerengera mmene kachidutswa kalikonse kakupanikizikira. Yaulereyi ili ndi malire a ma node (timfundo polumikizirana tizidutswato) 128,000, komanso si yogwirira ntchito yolipidwa. Pophunzirira, zimenezi n'zokwana.

Chimene ndinaphunzirapo kwambiri ndi bulaketi yonyamula conveyor (lamba woyendetsa katundu), ya chitsulo cha S355, chimene chimayamba kupindikiratu pa 355 MPa (MPa ndi muyeso wa kupanikizika). Nditaika mesh ya 10 mm, pakona panaonetsa 280 MPa. Pa 5 mm, 390. Pa 2 mm panafiira psu, kupitirira 600. Ndinapita nazo kwa injiniya wamkulu wa kwathu ku Ntcheu, amene timapemphera limodzi. Anayang'ana n'kundifunsa kuti, "Achimwene, pamanja mwapeza zingati?" Ndinali ndisanawerengere. Titatenga pensulo tinapeza 190 MPa. Anandionetsa kuti kona yakuthwa ngati imeneyo nambala yake imangokwera mukamachepetsa mesh, chifukwa m'masamu mphamvu yonse imathera pa kadontho kopanda kukula. Titaizunguliza konayo ndi 8 mm, nambala inakhazikika pa 240.

Pamenepa m'pamene ndimaikondera pulogalamuyi: mumasintha chinthu chimodzi, n'kuona ndi maso chifukwa chake. Koma mitundu yokongola imene imaonetsera kupanikizikako sidzakuuzani kuti mwamanga chitsulo pamalo polakwika, ndipo SANS 10162, buku la malamulo omangira ndi zitsulo ku South Africa, muyenera kuliwerenga nokha.

Mwezi watha abwana anandipatsa bulaketi yoyamba kuti ndiwerengere pa laisensi ya kampani, injiniya wolembetsedwa ku ECSA, bungwe loyang'anira mainjiniya ku South Africa, n'kusainira. Ndayamba kusunga malipoti amenewa kuti ndidzapereke pofunsira Pr Eng, kulembetsedwa ku ECSA ngati injiniya wovomerezeka.