Kwa inu amene mukufuna kukwera kumtunda: Blantyre, Lilongwe kapena Tete?

Abale anga a ku Ngabu, Bangula, Tengani mpaka ku Marka, funso limene ndikulandira kwambiri pa foni masiku ano ndi limodzi: "Achimwene, ndikufuna ndichoke kuno ndikasake ntchito, ndilowere kuti?" Ena mukufunsa mutangolemba mayeso a folomu 4, ena munda unakwiririka ndi mchenga, ena mwangotopa ndi kudikira ndalama za thonje. Ndaona kuti bola ndilembe kamodzi kuti nonse muwerenge. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Ndinaiphunzira pa Nchalo, ndinakaigwirako ku Tete m'dziko la Mozambique, ndinakhalako ku Lilongwe, ndipo pano ndili ku Blantyre ndi banja langa. Yankho langa ndi Blantyre, ngakhale kuti muli malo ena mumzindawu amene sindingalole m'bale wanga kukagonekamo ana ake.

Ambiri mukamayerekeza mizinda mumayamba ndi malipiro. Ine ndikupemphani muyambe ndi kutalika kwa ulendo, chifukwa munthu wa kuchigwa cha Shire sachoka kwawo kotheratu. Madzi akaphwa mu April kapena May, mayi akufuna wowathandiza kudimba, kuti chimanga, mbatata ndi nyemba zilowe pansi chinyontho chisanathe. Mvula ikachuluka kumtunda, Shire, Ruo ndi Mwanza zimabweretsa madziwo kwa ife, ndipo m'mawa mwake mukumva kuti abale ali pa kampu kusukulu, alibe chofunda. Mukukumbukira madzi osefukira a January 2015, kenako anamondwe aja, Idai mu March 2019, Ana mu January 2022, Freddy mu March 2023. Nthawi zonsezi amene tili m'tauni tinayenera kutsika titanyamula ufa, mapepala a pulasitiki ndi ndiwo. Ndiye pali maliro. Kwathu kumatentha mpaka kudutsa madigiri 40 mu October ndi November, thupi silingadikire munthu wochokera kutali.

Ndili ku Lilongwe, uthenga wa imfa ya amalume unandipeza madzulo. Ndinakwera basi ya usiku, ndinatsika ku Blantyre kukucha, ndinayamba kudikira minibasi yopita kuchigwa kuti idzaze. Pamene ndimafika pamudzi, anthu anali akusamba m'manja pochokera kumanda. Palibe amene anandidzudzula. Azakhali anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwayesetsa mwanawe, kumene muliko n'kutali." Mawu amenewo anandikhala pamtima, ndipo ndalama imene ndinawononga pa ulendowo ikanagula mbuzi yothandiza pa maliro omwewo.

Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300, kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi pa Zalewa, ndipo apo ulendo wa kwathu usanayambe n'komwe. Kuchokera ku Blantyre kufika pa boma la Chikwawa ndi makilomita ngati 50 okha. Mukadutsa pa Green Corner, Mpemba ndi Chadzunda, msewu wa M1 umayamba kukhotakhota kutsika phiri, chigwa chonse mukuchiona pansi apo ndi Shire akunyezimira pakati, ndipo mukafika pa Thabwa mpweya wotentha walowa kale pawindo. Wa ku Nsanje ayenda makilomita pafupifupi 180, komabe akanyamuka m'mawa nsima ya masana akaidyera kwawo. Wa ku East Bank amatsika pa Thabwa pomwepo n'kupitiriza. Kwathu kukachitika kanthu usiku, dzuwa lisanapendeke ndakhala kale pamphasa ndi akuluakulu.

Msewu womwewo umadyetsanso. Mlamu wanga akamabwera amakweza thumba la mapira, mbatata za kudimba, milamba yowamba ya ku Elephant Marsh, nthawi ya masau abweretsa ndowa yathunthu. Kondakitala wodziwana naye mukhoza kumupatsira kathumba pa Ngabu, ine n'kukalandira pa siteji. Mwezi umene ntchito yavuta, ana anga sagona ndi njala chifukwa cha kathumba kameneko. Ku Lilongwe zimenezi kunalibe, chilichonse cholowa m'kamwa chinali chogula.

Sindikunyoza Lilongwe ayi. Chikhalire likulu mu 1975 mzindawu ukungokulirakulira, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000, pamene Blantyre anali ndi 800,000. Kumene anthu akumanga, wowotcherera, womanga nyumba, kalipentala ndi wa magetsi sasowa chochita. Mageti, mafelemu a mawindo ndi zitseko zachitsulo ndinapanga zambiri kumeneko, ndipo mitengo yake inali yabwinoko. Ku Kanengo kuli mafakitale ndi okushoni ya fodya, maganyu amapezeka m'nyengo yake. Chimanga chimatsikanso mtengo nthawi yokolola popeza chigawo chapakati ndiye nkhokwe. Vuto lake mzindawu ndi womwazikana. Mukhala ku Area 25, ntchito ili ku Area 36, ndiye kuti minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera, ndipo ndalama imene munaiona ngati yochuluka yathera m'manja mwa makondakitala. Amene ndingamuuze kuti pita ku Lilongwe ndi uyo ali ndi mapepala a sukulu, akufuna ntchito ya boma ku Capital Hill kapena m'mabungwe, sanakwatire, ndipo kumudzi kuli abale ena oyang'anira makolo. Kwa munthu wotero mwayi uli kumeneko, apite ndithu.

Za Tete achinyamata ambiri mumazimva kwa anzanu. Zina ndi zoona. Kutentha kwake ndi kwa kwathu komweko, simungadabwe nako. Chinyungwe chimene amalankhula kumeneko munthu wodziwa Chisena amachimva bwinobwino, pamsika simusowa chonena. Migodi ya malasha ya ku Moatize inabweretsa ntchito za zitsulo ndi zomangamanga, ndipo metikali ukabwera nayo kuno imaoneka, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Koma kumeneko ndi dziko la eni. Ntchito zolembedwa zimafuna Chipwitikizi ndi chilolezo chogwirira ntchito, ndipo wopanda mapepala amagwira mwamantha. Bwana wina amene ndinamupangira ntchito anandipatsa theka la ndalama imene tinapangana, akudziwa kuti ndilibe kokadandaula. Ngati muli ndi pasipoti, luso la m'manja ndi munthu wokulandirani, Tete ndi wabwino kukagwirako kontilakiti ya miyezi ingapo n'kubwerera. Kusamutsirako banja ine sindingakulimbikitseni.

Zomba ndi mzinda wabata, nyumba zake zotchipirapo, koma ntchito zake zimazungulira yunivesite, asilikali, apolisi ndi maofesi a boma. Wopanda wachibale kumeneko adzavutika poyambira.

Musaiwalenso Nchalo. Ena mukuthamangira kutali pamene pakhomo panu pali fakitale ya shuga ya Illovo, mabanki, msika ndi anthu olandira malipiro pamwezi amene amafuna mabedi, mageti ndi ngolo. Ntchito zambiri za nzimbe ndi za nyengo, zimatha fakitale ikaima, koma munthu amagona kwawo ndipo munda sautaya. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira nayonso yakokera amisiri kuchigwa. Amene mwapeza kale pogwira pamenepo musasiye chifukwa cha nkhani za m'tauni, fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsopano za Blantyre, ndipo apa mundimvetsere bwino. Ntchito zilipo ku Makata, Ginnery Corner, Chirimba, Maone ndi m'mashopu a ku Limbe. Za ulonda, zonyamula katundu, za kabaza ndi za m'nyumba ndi zimene obwera kumene amayambira. Malipiro ake ndi ochepa, sindikubisirani, ndipo mlonda amachezera usiku wonse panja. Amene ali ndi luso amadzuka msanga. Ine ndinayamba pa shedi ya munthu wina, ndikulandira pa geti iliyonse imene ndamaliza, mpaka ndinagula makina anga. Chaka cha 2022 chinativuta kwambiri. Madzi a namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira kwathu ku Chikwawa komweko, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi ankazima tsiku lathunthu. Tinkadzuka pakati pa usiku akangoyaka, n'kumawotcherera anthu ali mtulo, kuti kasitomala asatenge ntchito yake kupita nayo kwa wa jenereta. Madzi omwewo anali atadula msewu wa M1 m'malo angapo, moti kwa masiku ngakhale ife a pafupi tinalephera kutsika. Msewu utangotseguka tinali oyamba kufika.

Chimene chidzakudabwitseni poyamba ndi kuzizira. Kwathu kuchigwa ndi kotsika, malo ambiri safika mamita 100 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ali pamwamba kuposa mamita 1,000. Mu June ndi July kumabwera chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu, tsiku lonse dzuwa osaoneka. Mwana wa mlongo wanga anafika atavala malaya a manja aafupi ndi patapata, usiku woyamba tinamufunditsa mabulangete onse a m'nyumba koma mano ankangogundana. Ndalama yoyamba imene mungapeze mugule bulangete ndi juzi pa kaunjika, foni idzabwera pambuyo.

Nkhani yaikulu ndi ya pogona. Ife a kuchigwa timaopa madzi ochokera pansi. Timadziwa kuyang'ana mtsinje, timaona madzi akusintha mtundu, timamva mkokomo, ndiye timathawira pamalo okwera. N'chifukwa chake tikafika ku Blantyre timasangalala kupeza nyumba yotchipa m'mbali mwa phiri, tikuganiza kuti kuno madzi sangatipeze. Freddy anatiphunzitsa zina. Mvula itagwa masiku angapo osaleka, phiri la Soche linagumuka, matope ndi miyala ikuluikulu zinatsikira ku Chilobwe ndi ku Manja, n'kukokolola nyumba anthu ali momwemo. Dziko lonse linataya anthu opitirira 1,000. Ndinapita kukathandiza kufukula. Pamalo pamene panali mzere wa nyumba za lendi panali mwala umodzi waukulu kuposa minibasi, ndipo pambali pake mbaula, nsapato ya mwana ndi malata opindikapindika. Ena mwa anthu amene tinkawafunafuna anali a kwathu, amene anathawa madzi a ku Makhanga mu 2015 n'kubwera kuno kudzapeza mtendere.

Choncho mukamasaka nyumba, kaya ku Ndirande, Bangwe, Chilobwe, Mbayani, Zingwangwa kapena Machinjiri, musangofunsa mtengo. Imani pakhomo muyang'ane kumtunda. Ngati pamwamba panu pali phiri lopanda mitengo ndi miyala yolendewera, kapena nyumbayo ili m'khwawa mmene madzi amadzera, chokanipo ngakhale alandilodi atsitse lendi. Funsani amayi ogulitsa tomato pafupipo kuti madzi a Freddy anadzera pati, iwo sabisa. Onaninso chimbudzi ndi kumene mukatunge madzi. Mabanja ambiri pa chimbudzi chimodzi ndi mmene kolera inafalira mu 2022 ndi 2023. Madzi ambiri a m'mipope ya kuno ndi a Shire wathu yemweyo, amawapopa kuchokera ku Walker's Ferry kukwera nawo phiri, ndiye magetsi akavuta nawonso amasiya. Pa kiyosiki mumagula pa ndowa, ndipo tsiku limene atuluka muyenera kudzaza chilichonse chimene muli nacho. Alandilodi ambiri amafuna lendi ya miyezi iwiri kapena itatu musanalowe, ndalama imeneyo mubwere nayo kuchokera kumudzi, musayembekeze kuti mudzaipeza kuno sabata yoyamba.

Ubwino wina umene sindingausiye ndi chipatala. Odwala akakanika ku Chikwawa kapena ku Nsanje amawatumiza ku Queen Elizabeth Central Hospital kuno ku Blantyre. Chikhalireni kuno nyumba yanga yasanduka pofikira. Wodikirira wodwala amapeza posamba, phala limachoka kwathu m'mawa likadali lotentha, ndipo akatulutsidwa amagona kaye tsiku limodzi asanatsike. Zimalemetsa, mkazi wanga ndiye amadziwa bwino kulemera kwake, koma mayi anga atadwala sindinafunike kupempha munthu aliyense malo.

Achemwali anga, inu ndikuchenjezeni mwapadera. Munthu akabwera kumudzi n'kunena kuti akufuna mtsikana wa ntchito za m'nyumba, musakwere naye galimoto musanadziwe kumene mukupita. Malipiro mupangane pamaso pa makolo kapena anyakwawa, nambala ya foni ya m'bale amene ali kuno muisunge pamtima osati m'foni mokha, ndipo chiphaso chanu cha unzika chisachoke m'manja mwanu. Ndalandirapo kunyumba kwanga mtsikana wa kwathu amene anagwira miyezi yambiri akungouzidwa kuti ndalama zake akumusungira.

Nthawi yabwino yobwera ndi August kapena September. Kuzizira kwatha, anthu akumanga chifukwa mvula ili kutali, ndipo za kudimba mwakolola, muli ndi kathumba kobwera nako. Mutenge chiphaso cha unzika, kalata ya amfumu, ndi satifiketi ya luso ngati muli nayo, kaya ya TEVETA kapena ya trade test, chifukwa pageti la kampani amayamba kufunsa zimenezo. Ana a sukulu asiyeni kaye ndi agogo awo mpaka mutapeza nyumba imene mwaiyendera nokha masana. Ndipo musananyamuke imbani foni kwa amene akulandireni kuti avomere ndi pakamwa pake, popeza chipinda chimodzi cha ku Ndirande sichikhala ndi khonde loyalapo mphasa ngati kwathu.