Mfundo ya dzanja pambuyo pa opaleshoni: kompyuta kapena mtembo?

Dokotala akafupikitsa fupa la ulna (fupa la mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, la mbali ya chala chaching'ono), katundu wa pamfundo ya dzanja amasamuka. Mwachibadwa radius (fupa linzake, la mbali ya chala chachikulu) imasenza pafupifupi 80 peresenti, ulna 20, ndipo mamilimita awiri okha amasintha kagawidweka kwambiri.

Kusinthaku ungakuyese pa mtembo kapena pa kompyuta. Kuyesa pa mtembo kumakupatsa minyewa yeniyeni, koma mkono umodzi sungaudule kambirimbiri, komanso mitembo yambiri imakhala ya okalamba.

Kompyuta imatenga sikani ya CT (zithunzi za m'kati mwa thupi) ya wodwala mwiniwakeyo, n'kumanga chifaniziro cha timafupa 8 ta m'mfundomo, kalikonse kogawidwa m'tizidutswa tambirimbiri. Umadula ulna pa kompyutapo, n'kuona pomwe chichereŵechereŵe chikupsinjika, ukapanda kukhutira n'kudulanso pena. Kwa ine, pokonzekera opaleshoni njira imeneyi ndiyo yapambana. Pamene imaperewera ndi pa mitsempha yomanga mafupa: kulimba kwake kumangoyerekezedwa, choncho zotsatira zimafunika kuzitsimikiza pa mtembo.