Karate kapena judo kwa ana a ku Salima

Karate inachokera ku Okinawa, chilumba cha ku Japan, pomwe judo anaiyambitsa Jigoro Kano ku Tokyo mu 1882. Masewera onsewa amalimbitsa mtima ndi minofu, ndipo amathandiza mwana kukwanitsa mphindi 60 zolimbitsa thupi patsiku zomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa. Amasiyana pa malo ochitira komanso kavulalidwe.

Judo ndi yogwirana ndi kugwetsana. Ngati mulibe matiresi okhuthala oyala pansi, musaiyambe n'komwe. Kugwera pasimenti kumathyola fupa la paphewa. Mchenga wa ku Senga Bay umanamiza, ukanyowa umalimba ngati dothi lopondedwa. Mwana ayambe waphunzira kugwa, chibwano chili pachifuwa, dzanja likumenya pansi, mnzake asanamugwetse. Ofufuza amapeza kuti mapewa ndi mawondo amavulala kawirikawiri.

Karate siifuna zambiri. Kata, ndondomeko ya nkhonya ndi mateche yochita munthu payekha, imatheka pabwalo la sukulu. Ngozi imabwera ana akayamba kumenyana: mphuno, milomo, zala. Choteteza mano chisasowe.

Kuno, karate ndiyo yosavuta kuyamba. Koma ndi kutentha kwa kunyanja mu Okutobala, ana aziyeserera isanakwane 7 koloko m'mawa, madzi akumwa ali pafupi.