Golden Soft Gel: ndi yabwino pa zithunzi ndi nsalu za makolo, koma gulani ya Gloss

Ojambula ambiri amene amasakaniza penti, nsalu, mapepala ndi zithunzi zakale za makolo awo amafika pofuna guluu amene sangawononge ntchito pakapita zaka. Faith Ringgold, yemwe anali pulofesa wa zaluso pa University of California ku San Diego ndipo anamwalira mu 2024, ankajambula ndi penti ya acrylic pa nsalu kenako n'kuzunguliza zidutswa zosokedwa, luso limene analitengera kwa mayi ake, Willi Posey, omwe anali telala. Njideka Akunyili Crosby, wobadwira ku Enugu m'dziko la Nigeria, amasamutsira zithunzi za abale ake pa pepala pogwiritsa ntchito acetone, mankhwala amadzimadzi osungunula inki. Amene sasoka ndiponso safuna fungo la acetone amathamangira ku Soft Gel ya kampani ya Golden, yomwe inayamba mu 1980 ku New Berlin m'chigawo cha New York.

Soft Gel ndi acrylic wopanda mtundu. Ikakhala yaiwisi imaoneka yoyera ngati mkaka, ikauma imaonekera mkati. Imabwera m'mitundu itatu, Gloss (yonyezimira), Semi-Gloss (yonyezimira pang'ono) ndi Matte (yosanyezimira), ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Amasankha Matte poganiza kuti chithunzi cha agogo sichiyenera kunyezimira. Vuto n'lakuti mu Matte muli tinthu toyera tozimitsa kuwala, ndiye mukapaka kawiri kapena katatu pamwamba pa nkhope yakuda, mtundu umazilala ngati pali chifunga, maso ndi tsitsi n'kutaya kuzama. Gloss ikauma imaonekera mkati bwinobwino ndipo imagwira kwambiri. Kunyezimira kumazimitsidwa pomaliza ndi vanishi, osati ndi guluu.

Posamutsa chithunzi m'pamene Soft Gel imaposa zinzake. Chithunzi chenicheni cha banja musachikhudze n'komwe. Chichiteni sikani pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi) kapena kuposerapo, muchitembenuze pa kompyuta kuti kumanja kukhale kumanzere, ndipo musindikize pa makina a laser kapena a fotokope. Inki ya makina a inkjet imasungunuka ndi madzi, nkhope n'kusanduka chidontho. Pepala likhale lopyapyala, la mu ofesi, chifukwa lokhuthala limavuta kuchotsa.

Pakani gel pa thabwa kapena pa nsalu mofanana ponseponse, mokhuthala pang'ono chabe moti mizere ya bulashi izionekabe. Ikani pepalalo chafufumimba, nkhope iyang'ane pansi, ndipo mulisalaze ndi khadi yakale ya pulasitiki kuyambira pakati kupita m'mbali. Pamene patsala mpweya, inki siimata, ndipo padzakhala bowo. Gel yotuluka m'mbali ipukuteni msanga, isakwere kumbuyo kwa pepala, chifukwa pamenepo madzi sadzalowanso. Kenako dikirani maola 24. Ambiri amalephera apa, amanyowetsa pakangotha maola awiri kapena atatu, inki n'kuchoka limodzi ndi pepala.

Likauma, nyowetsani kumbuyo ndi siponji, mudikire mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kuyamba kufikisa ndi chala mozungulira. Pepala limachoka ngati timaulusi. Likaumanso mudzaona utsi woyera pankhope, umene ndi ulusi wa pepala wotsalira, choncho nyowetsaninso kawiri kapena katatu, mopepuka kuposa poyamba. Wotsala wochepa umabisika mukapaka Gloss pamwamba. Kumbukiraninso kuti makina sasindikiza mtundu woyera. Malaya oyera a pachithunzi adzatenga mtundu wa pansi pake, ndiye pamene padzakhale nkhope payenera kukhala powala. Ena amachitira dala zimenezi, kusamutsira nkhope pa nsalu ya maluwa kuti maluwawo azionekera m'thupi la munthuyo, ndipo zimakongola ngati nsaluyo si yakuda kwambiri.

Pa nsalu yopepuka, mapepala a kalata ndi tizingwe, Soft Gel imagwira bwino kuposa guluu woyera wa matabwa, amene amatha kusanduka wachikasu ndi kufewa akanyowa. Nsalu yatsopano ichapeni kaye kuti sitachi ichoke, ndipo muyese kachidutswa ngati sikuchucha mtundu. Yofiira ndi yabuluu wakuda ndiyo imachita zimenezi kawirikawiri. Pakani gel pansi ndi kumbuyo kwa nsalu, osati mbali imodzi. Pepala lopyapyala limachita makwinya chifukwa limafufuma ndi madzi a mu gel, choncho liwazeni madzi pang'ono musanamate kuti lifufumiretu.

Pali zimene singathe. Mikanda, zigoba, mabatani ndi tizitsulo zimatsetsereka chifukwa gel imeneyi ndi yofewa ndipo imafota ikamauma. Zoterezi zimafuna Heavy Gel kapena Extra Heavy Gel, ndipo zolemera kwambiri ndi bwino kuzisokerera. Dothi kapena mchenga wa kwanu mukhoza kuusakaniza nayo, koma muusefe ndi kuuumitsa kaye, apo ayi tizinyalala ta zomera tidzachita nkhungu mkati. Pamwamba pa penti ya mafuta siimata kwa nthawi yaitali. Mafuta amapita pamwamba pa acrylic, osati acrylic pamwamba pa mafuta.

Vuto lina limaonekera mochedwa. Gel ikamauma imakoka zinthu zosungunuka za m'thabwa kapena mu nsalu yosachapa, ndipo malo oonekera mkati amasanduka achikasu. Gesso, penti yoyera yoyambira imene imapakidwa pansi, payokha siletsa zimenezi. Tsekani thabwa ndi Gloss Medium (acrylic wamadzimadzi wopanda mtundu) kawiri, iume, kenako mupake gesso. Musagwirenso ntchito m'chipinda chozizira kufika pansi pa madigiri 10 Celsius, chifukwa gel siilumikizana bwino, imang'aluka. Kukakhala chinyontho, malo okhuthala amatha kukhala oyera masiku angapo, ndipo kupakapo zina kumangotsekera madziwo mkati.

Botolo lomwelo limagwiranso ntchito yomaliza. Magawo awiri a Soft Gel Gloss ndi gawo limodzi la madzi amapanga chophimba chopyapyala chimene chimateteza inki ndi nsalu musanapake vanishi. Takasani pang'onopang'ono kuti pasachite thovu. Zithunzi zomalizidwa ndi Gloss yokha musazisanjikize moyang'anizana kukatentha, zimamatana.

Kwa woyamba, botolo la mamililita 237 ndi lokwanira kuphunzirira ndi kumaliza zithunzi zingapo zazing'ono. Wogwiritsa ntchito nsalu zambiri atenge la mamililita 946, chifukwa nsalu imamwa gel kuposa mmene munthu amaganizira. Kampani ya Liquitex nayo ili ndi ma gel osamutsira zithunzi ndipo amagwira ntchito, koma Soft Gel imayalika mosavuta pansi pa pepala lopyapyala, ndipo n'chifukwa chake tikuyiika patsogolo pa ntchito ya zithunzi.