Dining kapena kudziphikira: kwa amene mukubwera kudzaphunzira ku Joni

Chaka changa choyamba kuno ndinkadya ku dining ya hostel, chachiwiri ndinasamukira kodziphikira. Ofunsa achuluka, makamaka inu amene mwapeza malo ku yunivesite ya Wits ku Braamfontein kapena ya Johannesburg (UJ) ku Auckland Park, ndiye ndinene zomwe ndaona.

Dining imakupulumutsira nthawi. Umalipiriratu, nthawi ya chakudya ikakwana n'kungotenga mbale. Mu Juni, mayeso ali mkati, chisanu cha Johannesburg chikulowa m'mafupa, kudya zotentha osatsuka poto si chinthu chaching'ono. Nyamanso siisowa: nkhuku, soseji ya boerewors, nthawi zina ya ng'ombe. Koma pap yawo, ngakhale ndi ya chimanga choyera, si nsima ija mukuidziwa. Komwe ndinkadya ine inkakhala m'chithireyi mpaka kuuma pamwamba, ya mchere, ukati utape mbamu imangoyoyoka m'manja. Zamasamba zinali chakalaka, ndiwo ya tomato, anyezi ndi tsabola, komanso kabichi wosaphika. Patatha miyezi itatu ndinayamba kulota nkhwani wotendera.

Kudziphikira kunandibwezera m'kamwa. Thumba la Iwisa kapena White Star la makilogalamu 5 limandikwanira pafupifupi masabata atatu, ndipo ukauvundula bwino ufawu mitanda imatuluka yosalala. Loweruka ndimakwera minibasi, kuno amati tekisi, kupita kumsika wa Yeoville pa Rockey Street komwe kuli therere, chigwada ndi nsomba zouma. Bonongwe mukamufuna funsani morogo. Usipa ndi nsinjiro amayi amanditumizira pa mabasi ochokera ku Blantyre, ndipo tsiku lomwe katoniyo wafika fungo limaitana Amalawi onse a m'nyumbamo.

Ndalama zimapitanso zochepa, ndipo kwa ife ndi nkhani yaikulu. Thandizo la NSFAS, ndalama za boma zolipirira ophunzira, ndi la eni dziko a South Africa, ife obwera kudzaphunzira silitikhudza. Randi iliyonse yomwe tikudya makolo aigula ndi makwacha ambirimbiri.

Mavuto ake musawachepse. Mbaula ndi zamagetsi, ndipo mu 2023, magetsi akuzimazima maola angapo patsiku, ndinagonapo ndi nyemba zosapsa m'poto. Furiji ndi ya anthu ambiri, ndiwo zako zimatha kusowa. Ukaweruka mochedwa ku laibulale, dzanja limathamangira kota, buledi wokumba mkati wodzaza chipisi, polony ndi atchar. Amakhutitsa ndithu, koma ukamudya sabata yathunthu thupi limalemera ndipo ndalama zomwe unkati ukusunga zapita.

Mng'ono wanga atabwera ndingamuuze kuti chaka choyamba alowe dining, aphunzire kaye misewu ndi kalasi. Chachiwiri apeze anzake awiri a poto umodzi. Ife tilipo atatu: wina Lolemba ndi Lachinayi, wina Lachiwiri ndi Lachisanu, ine Lachitatu ndi Loweruka. Lamulungu timaphikira limodzi, ndipo mthiko tinachita kuchoka nawo kumudzi.