Bandulo ya usiku: yotchipa, yothamanga, koma inandilanda tulo

Ndine telala. Ndimasokera pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo ndimakhala ku Mchini ndi amuna anga komanso ana atatu. Kwa nthawi yoposa chaka ndakhala ndikugula bandulo ya intaneti ya usiku, ija imayamba 12 koloko usiku n'kutha 5 koloko m'mawa. Anzanga angapo a pamsika akhala akundifunsa ngati ili bwino, popeza amandiona ndili ndi masitayilo atsopano mufoni. Ndaganiza zowayankhira pano onse pamodzi, chifukwa yankho lake ndi lalitali.

Pa mtengo palibe chodandaula. Ndalama imene masana imangokwanira kutsegula WhatsApp ndi kuona zithunzi ziwiri zitatu, usiku imakupatsa intaneti yochuluka moti mpaka kucha siutha kuimaliza. Liwiro lake nalonso ndi labwino. Vidiyo yophunzitsa kudula manja a diresi, imene masana imangozungulira osatseguka, usiku imatsika mufoni madzi a tiyi asanawire. Chifukwa chake n'chodziwika: usiku anthu ambiri amakhala agona, netiweki imakhala ilibe khamu, ndiye kampani imaona kuti ndi bwino kugulitsa motchipa kusiyana n'kuti nsanja zawo za netiweki zingoima osapindula kanthu. Ine ndinapindula nayo ndithu. Kusoka kolala yoimirira ndinaphunzira pa YouTube. Madiresi a chitenge amene ndinasokera gulu la amayi opita ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni mu February, sitayilo yake ndinaiona pa Facebook usiku. Makasitomala anawonjezeka, zimenezo sindingakane.

Zodandaula zazing'ono zilipo. Yotsala ikafika 5 koloko imangopita, siibwerera mawa. Ndipo kawiri konse nthawi itakwana ndili mkati moonera, foni inayamba kudya ndalama yoimbira osandichenjeza msanga, m'mawa ndinapeza mulibe ngakhale ngwee yoimbira kasitomala. Koma izi n'zochepa poyerekeza ndi chimene chinandichitikira m'thupi ndi m'nyumba.

Chizolowezi chogona mochedwa sichinayambe ndi bandulo ayi. Chinayamba mu 2024, chaka chimene mvula inakana, madzi ku Kariba n'kutsika, magetsi n'kumabwera maola ochepa chabe pa tsiku. Kwathu nthawi zambiri ankabwera pakati pa usiku. Babu likangoyaka ndinkadzuka kusita zovala za makasitomala, kutchaja mafoni, kumaliza m'mphepete mwa nsalu pa makina a magetsi. Poti ndinali kale maso, ndinkagula bandulo kuti ndizimvera kanthu ndikugwira ntchito. Apo inali ndi phindu lenileni. Koma masiku oti ntchito ya usiku palibe, magetsi alipo kapena kulibe, ine ndinapitirizabe kudikira 12 koloko.

Apa m'pamene ndikufuna kuti anzanga mumvetse. Sikuti tulo sitinkabwera. Ndimadzuka 5 koloko, kukoleza mbaula, kutenthetsa madzi, kukonzekeretsa ana a sukulu, kenako kuyenda wapansi mpaka ku Kapata. Tsiku lonse mwendo uli pa chopondera makina, msana utapindika. Ndikabwerera ndi nsima, mbale, homuweki ya ana, yunifomu ya mawa. Pofika 9 koloko usiku thupi limakhala litafooka ngati masamba a chibwabwa ofota padzuwa, maso akuyabwa. Munthu wotere ukangomuonetsa mphasa agona pomwepo. Koma ine ndinkakhala pampando, kuwodzera, kudzidzimuka, kuyang'ana nthawi, kudziphikira tiyi kuti ndifike 12 koloko. Ikayamba ndinkati nditsitse mavidiyo awiri okha a kasokedwe. Awiriwo akatha pankabwera wina wa ukwati wa ku Nigeria, wina wa mlaliki, wina wa mayi wophika makeke, ndipo foni siidikira kuti uifunse, umatha uwu wayamba kale unzake. Ndinkazindikira nthawi ndikamva tambala woyamba. Masiku ena ndinkamva kuitana kwa ku mzikiti kwa m'bandakucha foni idakali m'manja.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndinkafunanji. Ndikuona kuti ndi ichi: tsiku lonse ndimakhala wa anthu ena. Wa makasitomala, wa ana, wa amuna anga, wa kumpingo, wa achibale obwera kuchokera kumudzi ku Chadiza. Palibe ola limene munthu sandiitana. Usiku wokha ndi pamene nyumba imati zii, palibe wondifunsa kumene kuli mchere. Kugona kunkaoneka ngati kutaya kanthawi kokhako kamene kanali kanga. Ndiye bandulo inabwera n'kukaika mtengo wotsika, ndiponso malire a nthawi. Ukadziwa kuti yotsala ipita 5 koloko, mtima umakuuza kuti ndalama yako isapite pachabe. Ndinkamaliza bandulo ngati mmene timamalizira ndiwo zoti zisasa.

Amuna anga anandilankhula kangapo. Usiku wina anatuluka kuchipinda n'kunena motsitsa kuti, "Amake ana, kodi thupi ili muli nalo lina losungira?" Ndinawayankha kuti ndikuphunzira ntchito. Pa skirini panali ukwati wa anthu amene sindidzawaona n'komwe.

Chimene chinandiimitsa ndi nsalu ya mayi wina wachikulire. Anabweretsa chitenge chodula, mapisi atatu, choti avale pa ukwati wa mwana wawo. Tsiku lodula ndinali nditagona maola awiri okha. Ndinayeza bwino, ndinalemba m'kope, koma podula ndinawerenga muyezo wa m'chiuno wa kasitomala wina amene anali pa tsamba loyandikana. Sizasi itadutsa m'pamene ndinaona. Nsalu ukaidula siibwerera. Atabwera ndinawauza zoona. Sanakalipe. Anaigwira nsaluyo, n'kundiyang'ana m'maso, amvekere, "Mwanawe, maso akowa afiira chonchi, ukudwala kapena kunyumba kuli mavuto?" Ndinalephera kuyankha, chifukwa sindinkadwala ndipo kunyumba kunalibe vuto. Ndinapita ku Down Shops kukafuna nsalu yofanana, ndinalipira ndi ndalama ya lendi ya pamalo osokera. Mnzanga wa benchi yoyandikana atamva anangoti, "Chakomachakoma pusi anagwa chagada." Zinandipweteka, koma sananame.

Mwana wa akulu anga anaphunzira za unamwino, ndipo nditamufotokozera anandimasulira zinthu zimene ndinkazimva m'thupi osadziwa dzina lake. Anati munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7 usiku uliwonse. Anati kukada, thupi limatulutsa kanthu kotchedwa melatonin kamene kamaliuza kuti nthawi yogona yakwana, ndipo kuwala kolowa m'maso usiku, kuphatikizapo kwa foni, kumachedwetsa kanthuka. Tiyi uja ndinkamwa podikira 12 koloko nayenso anali ndi mlandu, popeza caffeine, kanthu ka mu tiyi kothawitsa tulo, amatenga pafupifupi maola asanu kuti theka lake lokha lichoke m'magazi. Koma chimene chinandilowa kwambiri n'chakuti ofufuza a ku Australia anapeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 manja ndi maso ake amachedwa kugwirizana ngati a munthu amene wamwako mowa. Ndinawerengetsa ndi zala. Wodzuka 5 koloko m'mawa amakwanitsa maola 17 pa 10 koloko usiku. Ine ndinkapitirira mpaka 3 koloko, kenako m'mawa n'kukagwira sizasi pa nsalu ya munthu. Sindimwa mowa, sindinaulawepo, koma ndinkapita kuntchito ngati wochokera kumowa. Ndinaganiza za anyamata a njinga zonyamula anthu amene amadzaza misewu ya Chipata m'mawa, amene ambiri ndimawaona ali pa intaneti nthawi yomweyo imene ine ndinali maso. Iwo nsalu yawo ndi munthu amene wakhala kumbuyo.

Panali zinanso zimene poyamba sindinkaziphatikiza ndi tulo. Ndinkapsa mtima msanga. Mwana wanga wamng'ono akataya phala ndinkakalipa ngati wagwetsa nyumba. Mutu unkandipweteka chakumasana, ndinkagula Panadol pafupifupi tsiku lililonse. Kutchalitchi ulaliki ukayamba ndinkawodzera. Ndiye mukawerengera mtengo wa bandulo imeneyi muikepo ndi zimenezi.

Kodi ndikuti musagule? Ayi. Mlonda amene ntchito yake ndi ya usiku, namwino wa usiku pa nthawi yopuma, amene akudikira basi ya ku Lusaka ya m'bandakucha, kwa iwo ndi yabwino kwambiri, sindikudziwa ina yoposa. Kwa mwana wa sukulu wofuna mapepala a mayeso akale ingathandize, bola kholo likhale ndi foniyo. Koma amene mumadzuka ndi nkhuku ngati ine, amene tsiku lanu limayamba pamene bandulo ikutha, iyi siinapangidwire thupi lanu, ngakhale thumba lanu liikonde chotani.

Sindinaisiye kotheratu, ndangosintha kagulidwe. Ndimagula Loweruka lokha. Masana ndimalemba m'kope mavidiyo amene ndikufuna, ndi awo okha. Mwana wanga wamkulu anandionetsa mmene ndingawaikire pamzere kuti azitsika okha. Ndimaika alamu, ikalira ndimadzuka, kugula, kudina, kusiya foni pa kabati m'chipinda chochezera, ine n'kubwerera kukagona. Ndimaonera masana pamalo osokera makasitomala akachepa. Masiku ena onse foni imagona pakabatipo kuyambira 9 koloko, ndipo tiyi wausiku ndinamusiya. Sabata ziwiri zoyamba zinali zovuta, ndinkagona chagada maso ali gwa, dzanja likufufuza pansi pa pilo pamene palibe kanthu. Loweruka lina mwezi wathawu ndinalepheranso, ndinakhala mpaka 2 koloko.

Kanthawi kanga kaja ndinakapempha poyera. Ndinauza amuna anga ndi ana kuti tikatha kudya, mbale ndi za ana, ine ndikhala panja pakhonde theka la ola ndi kawailesi kanga, munthu asandiitane. Anavomera mosavuta kuposa mmene ndinkaganizira. Ndimatsegula Breeze FM kapena Radio Maria motsitsa, n'kumayang'ana magetsi a nyumba za m'mbali mwa phiri. Nthawi zambiri theka la olalo lisanakwane, tulo timakhala tandipeza kale.

Mayi a chitenge chija anabweranso mwezi watha ndi nsalu ina. Ndisanaidule ndinawerenga muyezo wawo kawiri, mokweza, iwo ali pomwepo.